Ndinanyamula Aroma Kupita Nawo ku Thyolo

Tinanyamuka ku Limbe m'mawa, mvula ya Disembala itangokata, ine ndi Rozina, mwana wa achemwali anga. Ndinavala jekete langa la maukwati ndi maliro, ndipo m'mutu ndinali nditalongedza mawu omwe ndinakhala ndikuwasula masiku onse a holide. Rozina ankakhala kwathu, akuphunzira Fomu Folo pasukulu yomwe ndimaphunzitsa. Sukulu anaiyamba mochedwa, moti anzake a msinkhu wake ambiri anali kale pabanja, koma mutu wake unkagwira kuposa ana onse omwe ndinawaphunzitsapo. Mabuku ake anawasanja bwinobwino patebulo, n'kunyamula chikwama cha zovala. Nditachikweza ndinamva kulemera.

"Iwe, tikukagona usiku umodzi wokha. Wanyamula miyala?"

"Kumazizira kumene kuja, malume," anayankha akuyang'ana kumbali.

Nkhani yomwe inatiyendetsa inali iyi. Achemwali anga, a Felesiya, athyola tiyi pa esiteti ina ku Thyolo kuyambira ali mtsikana. Chaka chimenecho mawondo anakana, kampani inawapumitsa ntchito, ndipo pa esiteti ukasiya ntchito umasiyanso nyumba. Ena amangomanga katundu n'kubwerera kumudzi. Ife mudzi tilibe. Agogo athu anachokera ku Mozambique ndi mtolo pamutu n'kufikira pa esiteti, ndipo tonsefe tinabadwira m'malaini, nyumba za antchito zondondozana ngati mabogi a sitima. Achemwali amalera adzukulu awiri amasiye m'nyumba imeneyo. Kuwatengera ku Limbe sikukanatheka, poti nanenso nyumba yomwe ndimakhala ndi ya sukulu, ndipo tsiku langa lopuma silili kutali.

Kwathu mkazi akakhala ndi nkhani yaikulu sadzilankhulira yekha. Amamulankhulira ndi mlongo wake, mwini mbumba, ndipo ameneyo ndi ine. Kuwonjezera apo, mkulu woona za antchito pa esitetiyo, Wilisoni, ndinamuphunzitsa histole ku sekondale. "Ndi mwana wanu uja," anatero achemwali pafoni. "Akakuonani achita manyazi. Ndipo mubwere ndi Rozina, ndamusowa."

Pa depoti ya Limbe woitanira ankakuwa kuti, "Thyolo, Luchenza, Mulanje! Mmodzi yekha tinyamuke!" Munthu mmodzi ameneyo tinamudikira mpaka dzuwa linatuluka m'mitambo, ndipo atabwera anakhala asanu. Kondakitala anatchula mtengo womwe sindinaumvepo. Nditafunsa chifukwa, anati mafuta. Nditafunsa ngati mafutawo akwera usiku womwewo, anati, "Madala, ngati zakudulirani, msewu ndi waulere, yendani wapansi." Ndinalipira. Anatipanikiza pampando wakumbuyo pamodzi ndi mayi wina wonyamula dengu la matemba ndi bambo wovala magambuti, ndipo jekete langa linayamba pomwepo kununkha nsomba.

Ndikuuzeni za matenda anga, poti popanda iwo ulendowu simuumvetsa. Ndili mnyamata ndinapita ku seminale, ngakhale unsembe sindinaufike. Kumeneko tinali ndi wansembe wina wochokera ku Colombia yemwe ankatiphunzitsa Chilatini. Akatopa ndi galamala ankatisimbira za kwawo. Ankati anthu a ku South America, pomwe ankamenyera ufulu wawo kwa mfumu ya ku Spain, ankalemba ali ndi Agiriki ndi Aroma akale pakamwa. Mfumu ya ku Spain ankaifanizira ndi mfumu yankhanza yomwe Aroma anaithamangitsa. Ankakangana ngati maiko awo atsopanowo akhale ngati Atene, komwe nzika zinkalankhula pabwalo, kapena ngati Sparta, komwe anthu ankaleredwa mwausilikali. Nyumba zawo za malamulo anazitcha maina a ku Roma. Alakatuli awo anatamanda chimanga, nthochi ndi koko mmene alakatuli a Chiroma ankatamandira tirigu ndi mpesa. Kwa ine, mwana wa m'malaini, zinali zodabwitsa kuti munthu angatenge mabuku a bwana n'kumumenya nawo bwana yemweyo. Zinandilowa m'magazi. Mkazi wanga ndikayamba nkhani zimenezi amakumbukira kuti wasiya kanthu pamoto. Rozina yekha ndiye ankamvetsera.

Titadutsa Chigumula, Rozina anandikodola. "Malume, nkhani ya phiri ija."

Ankaidziwa kale, koma ndinaikamba, ndipo ndinakweza mawu pang'ono kuti ena apindule nawo. Ndinati kalekale ku Roma anthu osauka anatopa. Nkhondo ankamenya ndi iwo, minda ankalima ndi iwo, koma zokolola ndi malamulo zinali za olemera. Tsiku lina sanatukwane munthu, sanaponye mwala, anangotuluka mumzinda onse pamodzi n'kukakhala paphiri lina kunja. Olemera anadzuka n'kupeza kuti palibe wolima, palibe wogwira mkondo. Anachita kuwatsatira kuphiriko n'kukawapempha, ndipo osaukawo anabwerera atapatsidwa owalankhulira awoawo. Patapita zaka zambirimbiri, mnyamata wina wa ku Venezuela anakwera phiri lomwelo n'kulumbira kuti sadzapuma mpaka dziko lake litamasuka kwa Asipanishi.

"Aroma ake ndi a tchalitchi chathuchi?" anafunsa bambo wa magambuti.

"Ayi, awa ndi akale, tchalitchi chisanabwere."

Mayi wa matemba anasuntha dengu lake pamwendo panga. "Nanga mnyamata wolumbirayo, munda anali nawo?"

"Anali nayo minda yaikulu, mayi. Ndi akapolo omwe."

"Hii! Ndiye ankalira chiyani?"

Anthu anaseka, nanenso ndinaseka. Funso limenelo yankho lake ndimalidziwa. Ufulu utabwera kumeneko mbendera zinasintha, koma minda yambiri inatsala m'manja mwa mabanja omwewo, ndipo omwe ankawerama m'mindamo anapitiriza kuwerama. M'kalasi gawo limeneli ndimalidutsa mothamanga, poti belu limakhala latsala pang'ono kulira.

Pa Bvumbwe minibasi isanaime n'komwe, mawindo anadzaza ndi tomato, kabichi, karoti ndi mbatatesi. Amayi ogulitsa ankalowetsa mabeseni mpaka pamphuno. Ndinagula chimanga chootcha, ndipo Rozina anasankhira mayi ake kabichi wamkulu ataufinya ngati munthu wodziwa. Chimanga chake sanadye. Anachigwira m'manja mpaka chinazizira, kenako anapatsa mwana wa pampando wakutsogolo.

Kupitirira pamenepo tiyi anayamba. Amene simunafikeko, musanamizidwe ndi aliyense: malo amenewa ndi okongola moti mtima umawawa. Mapiri onse ndi obiriwira mofanana, osalala ngati wina wawameta ndi lezala, ndipo nkhungu imayenda pamwamba pake pang'onopang'ono. Ndinakumbukira alakatuli a ku South America aja ndi nthochi zawo. Ndinaganiza kuti nawonso ankalemba akuyang'ana pawindo, chifukwa ukakhala pawindo anthu othyola tiyi amaoneka ngati timadontho tamitundu, madengu kumsana, mapepala apulasitiki m'chiuno. Suona zala zong'ambika kapena mapazi otuwa ndi mame. Ndipo pakati pa esiteti ndi esiteti pali midzi yopanikizidwa m'maphompho, chimanga chitabzalidwa pamalo poti mbuzi imayamba yaganiza isanatsike.

Tinafika pa Thyolo Boma dzuwa litakwera. Tinalowa mu tiyirumu ina pafupi ndi msika kuti ndikonze pakhosi. Anatipatsa sikono ndi tiyi wofiirira, wa fumbi lotsala pansi pa sefa. Ndinamuuza mayi wogulitsayo kuti n'zamanyazi kumwa tiyi wotere m'boma la tiyi.

"Wabwinoyo amakwera ndege, bambo," anatero akupukuta tebulo. "Muwonjezere shuga."

Kuchokera pamenepo tinakwera njinga yamoto ya kabaza, tonse awiri kumbuyo kwa mnyamata yemwe ankayendetsa ngati akuthawa apongozi. Msewu wa dothi lofiira unali phala lokhalokha. Tinadutsa nkhalango ya bulugamu yomwe kampani imadulamo nkhuni za fakitale, kenako fungo la masamba ofota linatilandira, fungo lomwe ndinakula nalo. Pageti mlonda anatiimitsa, anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, n'kufunsa kuti ndikufuna ndani. Ndinabadwira kuseri kwa geti limenelo, mchombo wanga uli momwemo, koma ndinachita kufotokoza ngati mlendo. Anatsegula atazindikira Rozina.

Kumalaini tinafika masana. Nyumba ya achemwali ndi yakumapeto, ndipo kuseri kwake kuli nthochi zomwe anabzala mayi athu. Kutsidya kwa kamtsinje kuli manda a esiteti, komwe anagona iwo ndi bambo. Achemwali anagwada movutikira kuti andipatse moni, ndinawaletsa koma sanamve. Anali ataphika kalongonda, nyemba zathu zija zomwe zimafuna tsiku lathunthu pamoto, ndipo ndinadziwa kuti anandikonzekera ngati bishopu. Ndinayang'ana m'nyumba. Sanamange katundu ngakhale mmodzi.

"Achimwene, Chingelezi mwabwera nacho chokwanira?" anafunsa.

"Chokwanira ndi chotsala, achemwali."

"Eya. Mukamuthire chonse."

Ku ofesi tinapita dzuwa litapendeka. Rozina anatsala pakhonde, pafupi ndi windo. Achemwali anakana mpando n'kukhala pansi pafupi ndi chitseko, miyendo atatambasula, maso pansi, monga amachitira mkazi mlongo wake akamamulankhulira. Wilisoni anatuluka kuseri kwa tebulo manja ali m'mwamba. Kamnyamata kowonda kaja kanali katasanduka bambo wa mimba yake.

"Sala! Inu nomwe! Simukalamba bwanji?" anatero, akunditchula monga ankachitira m'kalasi.

Anaitanitsa tiyi, ndipo ameneyo ndiye anali wokwera ndege uja, m'makapu a mbale zake. Mtima unakhala pansi. Ndinaimirira, ndinamanga batani la jekete lonunkha matemba lija, n'kuyamba.

Sindidzitama, koma sindinalankhulepo bwino chotero m'moyo wanga. Ndinanena za agogo athu omwe anagwetsa mitengo kuti tiyi ameneyu abzalidwe. Ndinanena za mayi uyu yemwe wapereka mawondo ake ku mapiri a kampani. Ndinati Agiriki ankadziwa kuti mzinda ndi anthu ake, osati makoma. Ndinati anthu a ku South America atafuna kuuza mfumu ya kutsidya kwa nyanja kuti dziko ndi la obadwiramo, anabwereka mawu kwa Aroma, ndipo nanenso ndabwera kudzabwereka komweko. Ndinamaliza ndi phiri lija, osauka akutuluka mumzinda, olemera akuwatsatira. Mlembi wa mu ofesimo anasiya kutaipa. Nditakhala pansi thukuta linali likutsika m'khosi.

Wilisoni anaomba m'manja, ndipo ankaoneka kuti wakondwadi.

"Sala, simunasinthe. Ndinangokhala ngati ndabwerera mu Fomu Fili. Koma mwaidula pakati. Inu nomwe munatiphunzitsa mmene inathera. Olemera aja anatuma mkulu wina kuphiriko, eti? Ndiye anawauza kuti tsiku lina manja, miyendo ndi pakamwa zinanyanyala, zinati mimba imangodya osagwira ntchito. Zitasiya kuidyetsa, thupi lonse linafooka, manja omwewo ndi miyendo yomweyo. Funso limenelo linabwera pamayeso, Sala, ndipo ndinakhoza chifukwa cha inu." Anamwa tiyi pang'ono. "Kampani ndi mimba. Ikafa, malaini onsewa afa."

Zinali zoona, ndinamuphunzitsa ndine. Ndinakumbukira ngakhale tsiku lake, ndikujambula mimba pabolodi ana akuseka. Ndinanola mpeni ndi manja anga n'kuupereka kwa mwana wa eni, ndipo lero anaubweza mwaulemu, chakuthwa chili kwa ine.

"Nyumba ija ndi ya wothyola, Sala, si ya munthu," anapitiriza. "Ndikawasiyira mayiwa, mawa pakhomo pano padzaza agogo. Koma njira ilipo, ndipo iwo akuidziwa, m'malaini ndi mmene zimakhalira kuyambira kale. Pakhomo pakakhala mwana wamkulu n'kulembedwa ntchito, nyumba imapita m'dzina lake, banja silisuntha. Mvula yayamba, masamba achuluka, tikulemba anthu mawa lomwe. Uyo ali pakhondeyo si wawo?"

"Ameneyo ayi," ndinatero. "Ameneyo ali ndi mayeso. Ameneyo adzakhala pampando ngati wakowo."

"Ndiye ndi zimenezo, Sala. Mwezi ukatha tidzafuna makiyi."

Ndinacheukira achemwali kuti anene kanthu. Sanadzutse mutu. Mwambo unali utawatseka pakamwa, ndipo ine, wowalankhulira, ndinali nditawakanira chinthu osawafunsa n'komwe. Wilisoni anatiperekeza mpaka pakhomo, n'kundipatsa paketi ya tiyi kuti ndikapatse mayi a kunyumba. Ndinalandira. Mpaka lero ndimadzida ndikakumbukira kuti ndinalandira ndi manja awiri.

Pobwerera tinayenda pang'onopang'ono chifukwa cha mawondo a achemwali. Rozina anali patsogolo. Titafika pa nthochi za mayi, achemwali anaima.

"Koma munalankhula, achimwene," anatero achemwali. "Ine sindinamve ngakhale limodzi, koma thupi linachita tsemwe. Mayi akanakhalapo akanalulutira."

Akanandimenya khofi zikanakhala bwino. Ndinawafunsa ngati ankadziwa za njira ya Wilisoniyo asanandiimbire foni.

"Ndani sadziwa kuno?"

"Ndiye mwanayu simunamusowe. Munandituma kuti ndikubweretsereni wothyola."

"Ndinamusowa," anatero, misozi ili m'maso. "Ndinkati mwina Chingelezi chigwira. Ndinapemphera kuti chigwire. Koma chikakanika, ana awiriwa ndikagona nawo pati? Mundiuze inuyo, mwini mbumba."

Ndinapsa mtima ndi iwo, ndi Wilisoni, ndi wansembe wa ku Colombia yemwe anagona kalekale, ndi agogo omwe anasankha kutula mtolo wawo pamunda wa mwini. Ndinanena zambiri madzulo amenewo. Ndinati ndikapeza loya, ndikalankhula ndi akuluakulu kuboma, ndikabwereka malo kumidzi ya mfumu Nsabwe. Achemwali ankangovomera kuti eya, eya, monga umavomerera mwana akamati adzakugulira galimoto. Rozina ankasambitsa ana, osalowererapo. Atatsegula chikwama chake kuti atenge sopo, ndinaona zomwe zinkalemera zija: zovala zake zonse, bulangete, ndi nsapato zakale zoyendera m'matope. Mwanayo anadziwa tisanachoke ku Limbe.

M'mawa mwake belu la fakitale litalira, Rozina anandiperekeza. Anali atamanga chitenje cha mayi ake pamwamba pa siketi. Tinakwera kamtunda kopita kugeti, ndipo pamwamba pake ndinaima, ndinati ndiyesenso komaliza.

"Rozina, tiye tizipita. Kwatsala miyezi yochepa kuti ulembe. Ukalowa m'munda umu sutulukamo, ndawaona anzako. Nkhani ija umaikonda ndiwe. Anthu aja sanagwade, anatuluka."

Anandiyang'ana, osati mwamwano.

"Malume, iwo aja anali ndi phiri lopitako. Tayang'anani kuno. Ndi liti lomwe lilibe mwini?"

Ndinayang'ana. Kum'mawa tiyi, kumadzulo tiyi, kutsogolo bulugamu wa kampani, ndipo kuseri kwa bulugamuyo tiyi wa kampani ina. Ndaphunzitsa nkhani imeneyo moyo wanga wonse, koma sindinadzifunsepo kuti phiri lija linali la ndani.

"Mabuku aja musapatse munthu," anatero. "Mwina chaka chamawa."

Anagwira dzanja langa ndi manja awiri, anapinda bondo, n'kutsika kulowera ku ofesi komwe mzere wa olembedwa unali utayamba kale. Ndinamuyang'ana mpaka anasakanikirana ndi ena.

Wa kabaza anandifikitsa pa Boma mofulumira, poti tsopano njinga inapepuka. Woitanira ankakuwa kuti, "Limbe! Awiri okha tinyamuke!" Nditakwera anandifunsa ngati ndili ndekha, ndinati eya. Pa Bvumbwe mabeseni analowanso m'mawindo, sindinagule kanthu. Mnyamata yemwe anakhala pambali panga anafuna kucheza, anafunsa ntchito yanga. Ndinati ndine mphunzitsi. Anafunsa kuti wa chiyani, ndinati wa zinthu zakale, ndipo ndinatseka maso.

Ndinafika kunyumba masana. Mkazi wanga anayang'ana kumbuyo kwanga, kenako anayang'ana ine. Ndinamupatsa paketi ya Wilisoni ija.

Chomwe ndinaphunzira paulendowu n'chochepa ndipo n'chowawa. Agiriki ndi Aroma sakana munthu. Anathandiza a ku South America kuthamangitsa mfumu, anawathandizanso kusunga minda yawo. Anandipatsa ine mawu, anamupatsa Wilisoni yankho, ndipo onse awirife tinagona m'nyumba zofolera bwino usiku umenewo. Wolipira anali mtsikana yemwe ankawakonda kuposa tonsefe.

Chaka chamawa chija chinabwera n'kupita. Achemwali akadali m'nyumba yakumapeto, nthochi za mayi zikubereka. Mabuku a Rozina ali patebulo pomwe anawasanja, ndipo mkazi wanga amawapukuta fumbi Loweruka. Paketi ija tinaitsegula tsiku lina alendo atabwera. Anali tiyi wabwino kwambiri. Ndinamwa kapu yonse, ndikudzifunsa kuti masamba omwe akudutsa m'zala za Rozina lero akumwa ndani.